Kamera ya DSLR ya oyamba kumene: zomwe ili nazo ndi momwe mungaigulire

Omvera okondedwa, takulandiraninso ku pologalamu yathu ya luso lojambula zithunzi. Lero tikambirane za kamera ya mtundu wa DSLR yopangidwira oyamba kumene, yomwe ambiri amailakalaka akafuna kusiya kudalira foni. Ndipereka zitsanzo pa makamera awiri omwe anatuluka m'chaka cha 2018, Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D, yomwe ku America amaitchula kuti Rebel T7.

Poyamba mudziwe zomwe zimachitika mkati mwake. Kuwala kukalowa kudzera pa lenzi, kumagunda kalirole wopendekeka yemwe amakutumiza m'mwamba mpaka pa kazenera kosuzumirako, choncho zomwe diso lanu likuona ndi zenizeni zomwe lenzi ikuona. Mukadina batani, kaliroleyo amanyamuka, shutter (kachitseko kotchinga kuwala) imatseguka, kuwala kumafika pa sensa (kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala chithunzi), ndipo chithunzi chimasungidwa pa khadi ya SD. Kaphokoso kaja mumamva pojambula ndi ka zinthu zimenezi.

Sensayo ndiyo chuma chenicheni cha kamera imeneyi. Makamera onse awiri ali ndi ma megapixel 24, ndipo wina akhoza kuderera ponena kuti foni yake ili ndi 50 kapena 108. Musatengeke nazo zimenezo. Sensa ya D3500 ndi ya mamilimita 23.5 mulitali ndi 15.6 mulifupi, ya Canon ndi yocheperako pang'ono, koma zonse ziwiri zimaposa kutali kasensa ka mafoni ambiri. Sensa yaikulu imasonkhanitsa kuwala kochuluka, n'chifukwa chake m'tchalitchi momwe muli kamdima, kapena pa chinkhoswe chomwe chafika madzulo, nkhope za anthu zimatuluka zoyera bwino pomwe foni imayamba kuzipaka timadontho.

Kusiyana kwa makamera awiriwa kulipo, ndipo kwina n'kofunika kwambiri kwa ife kuno. Batire ya D3500 imajambula zithunzi pafupifupi 1,550 ikadzaza kamodzi, pomwe ya 2000D imafika pafupifupi 500. Kwa munthu wopita kukajambula ukwati kumudzi komwe kulibe magetsi, kapena m'tauni tsiku lomwe magetsi azima, nambala imeneyi si yochezera. Nikon imajambula zithunzi 5 pa sekondi, Canon 3. Koma Canon ili ndi Wi-Fi yotumizira zithunzi ku foni, pomwe Nikon imadalira Bluetooth kudzera pa pologalamu ya SnapBridge. Ine ndikanasankha Nikon chifukwa cha batire, koma ngati mnzanu yemwe mungabwerekane naye malenzi ali ndi Canon, gulani Canon, popeza lenzi ya Canon silowa pa kamera ya Nikon. Amene cholinga chanu chachikulu ndi makanema, dziwani kuti makamera onsewa sajambula 4K (makanema ooneka bwino kwambiri) ndipo alibe polumikizira maikolofoni yapadera.

Tsopano nayi njira yoigwiritsira ntchito. Masiku oyambirira mukhoza kuisiya pa Auto, ndipo Nikon ili ndi Guide Mode yomwe imakufotokozerani zochita, koma musakhalitsepo. Tembenuzani kagudumu ka pamwamba kufika pa A ngati ndi Nikon, kapena Av ngati ndi Canon. Pamenepo inu mumasankha kukula kwa chibowo cha lenzi, kamera n'kusankha yokha liwiro la shutter. Kumbukirani kuti nambala ya f ikakhala yaing'ono, chibowo chimakhala chachikulu, kuwala kumalowa kochuluka, ndipo zakumbuyo kwa munthu zimaoneka mwachimbuuzi. Pojambula munthu mmodzi tsitsani nambalayo mmene lenzi ingalolere. Pojambula gulu la akuchikazi ndi akuchimuna ataima mizere itatu, ikwezeni kufika pa f/8 kuti a mzere wakumbuyo asatuluke osaoneka bwino.

Nthawi zonse yang'anani liwiro lomwe kamera yasankha. Kwa anthu ongoima, lisatsike kupitirira 1/125 ya sekondi. Kwa ovina pa perekaniperekani kapena osewera mpira, mufunika 1/500 kapena kuposa. Liwiro likatsika chifukwa cha mdima, kwezani ISO, nambala yomwe ikakwera kamera imatha kujambula ndi kuwala kochepa. Padzuwa isiyeni pa 100, pamthunzi 400 imakwana, ndipo m'nyumba musaope kufika pa 1600 ngakhale 3200, chifukwa chithunzi cha timadontho pang'ono mwini wake amalandira, koma chogwedera palibe amene angachikonze. Chinthu china chomwe ojambula ambiri amachinyalanyaza ndi diresi yoyera ya mkwatibwi padzuwa la masana. Kamera imasokonezeka nayo n'kudetsa nkhope, choncho muimikeni pamthunzi, kapena onjezerani kuwala pang'ono ndi batani lolembedwa +/-, kenako onetsetsani kuti nsaluyo sinathe mizere yake.

Lenzi yomwe imabwera ndi kamera ndi ya 18-55mm, ndipo ndi yokwanira kuphunzirira. Mukapeza kangachepe, musathamangire kamera ina. Gulani lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ndi imodzi mwa zotsika mtengo koma imasintha maonekedwe a zithunzi za anthu kotheratu. Pano eni Nikon amvetsere bwino. D3500 ilibe kainjini koyendetsera lenzi mkati mwake, choncho lenzi zakale monga 50mm f/1.8D sizidzilunjika zokha pa kamera imeneyi. Funsani zolembedwa AF-S kapena AF-P. Eni Canon 2000D nawo ayese flash ya pamwamba asanailipire, chifukwa ena mwa makamerawa anapangidwa opanda kachitsulo kapakati pamalo pokhazika flash, ndipo maflash ena a makampani ena sayaka.

Makampani onse awiri tsopano aika mtima pa makamera opanda kalirole, ndipo Nikon inasiya kupanga D3500, choncho ambiri a inu mudzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, mwina yobwera ndi wachibale kuchokera ku Johannesburg kapena ku London. Zimenezi zili ndi ubwino wake, popeza malenzi akale ndi ochuluka pamsika, ndipo mukadzasamukira ku makamera atsopano a kampani yomweyo, ambiri mwa malenziwo amagwirabe ntchito kudzera pa kachipangizo kolumikizira kotchedwa adapter. Koma musagule musanaigwire m'manja. Funsani shutter count, yomwe ndi chiwerengero cha zithunzi zomwe kamera yajambula chiyambire. Makamera a gulu limeneli amayembekezeka kufika pafupifupi 100,000, ndiye yomwe yayandikira pamenepo mtengo wake utsike kwambiri. Chotsani lenzi, iyang'aneni moyang'anizana ndi kuwala, ndipo mukaona timizere ngati ulusi wa kangaude mkati, chimenecho ndi chuku, isiyeni. Kenako jambulani khoma loyera pa f/22 n'kukuza chithunzicho. Timadontho tochepa ndi fumbi lomwe limachotseka, koma mzere wautali ukhoza kukhala kukandika kwa sensa. Onetsetsaninso kuti chaja ilipo ndipo batire sinatupe.

Mukafika nayo kunyumba, adani ake ndi fumbi ndi chinyezi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pomwe mphepo imauluza fumbi, musasinthe lenzi panja. Lowani m'nyumba, zimitsani kamera, ndipo muizondotse kuti kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Anzathu a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, sungani kamera m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timatumba ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Galasi la lenzi musalipukute ndi malaya kapena chitenje, gwiritsani ntchito kansalu kofewa kopukutira magalasi a m'maso.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: ikani kamera pa A kapena Av, muimike munthu pafupifupi mamita atatu kutsogolo kwa mpanda, mumujambule pa f/5.6, pa f/8 ndi pa f/16 osasuntha pomwe mwaima, ndipo mulembe liwiro lomwe kamera yasankha pa chithunzi chilichonse. Manambala amenewo muwasunge, chifukwa sabata yamawa tidzayambira pamenepo pokambirana za kujambula usiku ndi flash.