Chipatala chalowa m'foni, koma foniyo ndi ya ndani?

Moni nonse. Lero tikukamba za makina amakono m'zipatala, ndipo tiyambira konkuno ku Lilongwe.

Ku Kamuzu Central Hospital, makompyuta ongodina ndi chala polembetsa odwala anayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ntchito imene inadzakula pansi pa Baobab Health Trust. Amakumatirani kapepala ka mizeremizere pa buku lanu la kuchipatala. Mukabweranso, kalaliki amangolozapo kamakina, dzina ndi nambala yanu n'kutuluka. Taonani apa: wodwala safunika foni, safunika kudziwa kuwerenga. Agogo a ku Kabudula ndi bwana wa ku Capital Hill, makinawa amawalandira chimodzimodzi, chifukwa ali m'manja mwa chipatala.

Zinthu zimasintha makina akasamukira m'manja mwa wodwala.

Titenge Chipatala Cha Pa Foni. Chinayamba mu 2011 ku Balaka ndi bungwe la VillageReach, kenako Unduna wa Zaumoyo unachitenga. Mumayimba 54747 pa Airtel, kwaulere, n'kulankhula ndi wazaumoyo m'Chichewa. Ine ndimachitamanda, makamaka poti ndi cha mawu, osati cholemba. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi, mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 ndiwo amawunikira magetsi, ndipo foni inali m'mabanja ongoposa theka pang'ono.

Ndiye mawu oti "banja lili ndi foni" amabisa zambiri. Kawirikawiri foniyo ndi ya bambo. Imadzuka nawo, imapita nawo kumsika wa Mitundu, imabwera madzulo batire itatha, ndipo kutchajitsa pa tuledingi senta n'kolipira. Tiyerekeze mayi woyembekezera ku Malingunde waona magazi pang'ono, kapena wina akufuna kufunsa za kulera.

"Bambo a Chisomo, tandibwerekeniko foni."

"Mukufuna muyimbire ndani?"

Kwa amayi ambiri nkhani imathera pomwepo. Nambalayo ndi yaulere ndithu, koma funso ilo ndiye mtengo wake.

Pomwe uyu akudikira, wina ku Area 47 wajambula zotsatira za magazi, watumizira mnzake dokotala pa WhatsApp, walipira mankhwala pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza wamubweretsera pageti. Palibe cholakwika. Kungoti foni yafupikitsa ulendo wa munthu amene chipatala anali nacho kale pafupi.

Mwina mukuti, nanga madironi aja, tindege tating'ono touluka popanda munthu m'kati? Inde, mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madironi ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya madironi inatsegulidwa muno mu Lilongwe. Amakoma pa kanema, sitingakane. Koma kwa ine chofunika kuposa ndi kafoni ka mlangizi wa zaumoyo, uja wovala yunifolomu ya buluu amene amayeza ana sikelo pansi pa mtengo. Kudzera mu njira yotchedwa cStock, alangiziwa akhala akutumiza uthenga wa SMS wonena mankhwala amene atsala ku kiliniki ya m'mudzi, kuti LA wa malungo ndi ORS wa matenda otsegula m'mimba zisathe. Foni imodzi yotchajidwa bwino ikutumikira midzi ingapo, ngakhale mabanja amene alibe foni.

Choncho mukamva kuti kwabwera pulogalamu yatsopano ya zaumoyo, funsani ngati imayenda pa kafoni ka mabatani, komanso ngati imadya bandulo. Koma funso limene limayiwalika ndi ili: uthengawo auwerenga ndani? Uthenga wokumbutsa tsiku lokatenga ma ARV ungathandize munthu kusadumphitsa mankhwala. Ukafikira pa foni yobwerekana, umawerengedwa ndi mlamu, mwana wasukulu, kapena mnyamata wotchajitsa uja. N'chifukwa chake odwala ena, akafunsidwa nambala ya foni kuchipatala, amayankha kuti alibe, foni ili m'chikwama.