Makalata a Omvera: Mayi Womupeza wa m'Nthano ya Achemwali a ku Ndirande

Takulandiraninso, omvera athu a muno mu Blantyre ndi madera ozungulira. Makalata ambiri a sabata ino ndi a anthu amene ayamba kulemba nthano zazitali, ndipo zimenezi zandisangalatsa kwabasi.

Achimwene a ku Chilomoni akufunsa kuti buku limatenga nthawi yaitali bwanji kuti lithe. Achimwene, lembani mawu 500 patsiku, omwe ndi masamba pafupifupi awiri a A4 mukatayipa motalikitsa mizere. Pakatha masiku 100 muli ndi mawu 50,000. Mukatero libiseni milungu inayi osalitsegula, kuti podzalikonza mudzaliwerenge ngati la munthu wina.

Koma kalata imene yandigwira mtima ndi ya achemwali a ku Ndirande. Akuti: "Ndalemba nthano ya mtsikana wozunzidwa ndi mayi womupeza. Pamapeto mayiyo akuchita ngozi ya minibasi n'kupuwala. Anzanga akuti ikukoma ngati ulaliki, osati nthano. Kodi buku siliyenera kuphunzitsa khalidwe?"

Achemwali, anzanuwo musawakwiyire, akuuzani zoona. Buku liphunzitse ndithu, koma inu mwamuweruza mayiyo musanamudziwe. Mwatiuza kuti ndi wankhanza pa tsamba loyamba, ndiye wowerenga atsegulirenji tsamba lachiwiri?

Tengani kope lapadera. Mtengambali aliyense mumupatse tsamba lake, ndipo muyankhe mafunso atatu: akufuna chiyani, akuopa chiyani, nanga akubisa chiyani. Mayi wanuyo mwina amadzuka 3 koloko mbandakucha kukazinga mandasi oti akagulitse pamsika, ndipo mwamuna wake amabwera ndi malipiro otha kale ndi katapila. Akuopa kuti banja likatha, ana ake obereka yekha adzasowa pogwira. Mantha amenewo si chikhululukiro, koma ndi amene akumuyendetsa, ndipo wowerenga ayenera kuwamva.

Kenako fufutani paliponse pamene munalemba mawu akuti "nkhanza". M'malo mwake tikhazikeni pamphasa nthawi ya chakudya chamadzulo. Mayi akuomola nsima, mitanda ikukwanira aliyense. Pogawa usipa, dzanja lake likuima kaye pamwamba pa mbale ya mtsikanayo, kenako likubweza tinsomba tiwiri mumphika. Palibe wayankhula. Mtsikanayo waona, bambo ake aonanso koma aweramira m'mbale. Pamenepo wowerenga mtima umuwawa yekha popanda inu kumuuza, ndipo azindikira kuti bambo wachete uja nayenso ali ndi mlandu.

Mukatero mupatseni mayiyo usiku umodzi wochita chabwino. Mtsikanayo wagwidwa malungo, thupi latentha ngati mbaula, bambo kulibe. Mayi yemwe uja akumubereka kumsana ndi chitenje, akutsika naye mumdima kukafuna galimoto yopita ku chipatala cha Queens. Mawa lake akumulalatiranso chifukwa cha mbale zosatsuka. Anthu enieni ndi otero, achemwali, ndipo mtsikanayo tsopano ali pa vuto lenileni: amuda bwanji munthu amene anamubereka kumsana?

Za ngozi ya minibasi ija, chonde ichotseni. Dalaivala walakwanji kuti azimaliza nkhani imene inu mwatopa nayo? Mathero azichokera m'zochita za atengambali eni ake. Mwina mtsikanayo wakula, wapeza ntchito, mayi uja wakalamba ndipo akusowa womusamala. Chimene mtsikanayo asankhe pamenepo, ndi chimene chimutayitse, ndiye phunziro lanu.

Ndipo pano ndiyankhule ndi nonse, chifukwa makalata otere akuchuluka. Woipa aliyense m'nthano zanu akumathera ku misala, kundende kapena kumanda, ndipo wabwino akumakwatiwa ndi mwini golosale. Abale anga, ndi mmene timaweruzirananso m'makwalalamu. Mnzathu akadwala timafunsa chimene analakwa, wina akalemera timati wakhwimira. Wolemba ndiye ayenera kukhala woyamba kuleza mtima ndi munthu, kumumvetsera mpaka atamaliza, ngakhale munthuyo ndi wosakondeka. Mlembi wa kuno kwathu Samuel Josia Ntara atalemba buku la Nthondo, lomwe linatuluka mu 1933, anatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa, ndi zolakwa zake zomwe za paunyamata. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ntara sanayambe ndi munthu woyera ngati ufa, n'chifukwa chake kusintha kwa munthuyo kumamveka.

Agogo a ku Bangwe akudandaula kuti achinyamata sakuikamo miyambi. Agogo, mukunena zoona, koma mwambi ndi mchere. Umodzi pamalo pake, wotuluka m'kamwa mwa munthu woyenera kuunena, ndi wokwanira. Mwana wa Fomu 2 akamayankhula miyambi itatu motsatizana, wowerenga amadziwa kuti akuyankhulayo ndi mlembi.

Aphunzitsi a ku Zingwangwa akuti atengambali awo onse amayankhula mofanana. Werengani zokambiranazo mokweza mutaphimba mayina ndi chala. Ngati simukuzindikira kuti uyu ndi kondakitala, uyu ndi mkulu wa mpingo, lembaninso. Wina akhale wodula mawu, wina wozungulira, wina wosayankha chimene wafunsidwa.

Pomaliza, mnyamata wa ku Machinjiri akufuna kulemba za mayi woyandikana naye nyumba ndi dzina lawo lenileni. Ayi, mwanawe, zimenezo zingakubweretsere mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Sintha dzina, dera ndi ntchito, ndipo uphatikize makhalidwe a anthu atatu kuti apange mmodzi. Za kuopa kuberedwa ntchito yako wafunsazo, sunga makope oyamba okhala ndi madeti, ndipo ukafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena, za kalembetsedwe usanapereke kwa wosindikiza.

Achemwali a ku Ndirande, mukalembanso mutu wa chakudya chamadzulo uja mutitumizire, tidzauwerenga pano.