Ng'ona, mvuu ndi njovu: zomwe anatiuza pabwalo la sukulu

Zikomo a mfumu, zikomo makolo nonse ndi aphunzitsi. Ana inu kumbuyoko khalani pansi, wokwera mumtengowo atsike, nkhaniyi ndi yanu yomwe. Nonse mwamva za Loweruka lapitali, kuti ng'ona inagwira mbuzi padooko pompaja, pomwe ana atatu amachapa mayunifolomu. Inatenga mbuzi poti ndi imene inali pafupi ndi madzi basi, ikanatha kutenga mwana. Ndiye ndati lero tikambirane za nyama zomwe tayandikana nazozi, zimadya chani, zimayenda nthawi yanji, chifukwa ife a mbali mwa Shire kuno pafupi ndi paki ya Liwonde sitingazithawe, tinabadwira pomwepa. Mau anga akulu ndi awa, dzuwa likapendeka kumtsinje kusapezeke mwana. Tanenani nonse. Eya, bwerezaninso, a sitandade 1 sindinakumveni.

Tiyambe ndi ng'ona. Chakudya chake cha masiku onse ndi nsomba, makamaka milamba, koma ikakula imagwira chilichonse chobwera kudzamwa madzi, mbawala, mbuzi, galu, ngakhale ng'ombe. Maso, makutu ndi mphuno zake zili pamwamba pa mutu, ndiye thupi lonse limabisala m'madzi nkumangoonekera timaso tokha pakati pa namasupuni, iwe uli pamtunda ukuti palibe kanthu iyo ikukuona bwinobwino. Simatafuna ayi. Ikagwira imakokera pakuya, nkumazungulira nacho mpaka chibanthuke, kenako nkumeza. Mukaiona masana ili yasaa pamchenga musamati yagona kapena yafa, ikuothera dzuwa ndipo kukamwako yatsekula kuti izizidwe, mwana wina chaka chatha ndinamupeza akuigenda ndi miyala kuti aone ngati ili moyo, ndinachita kumukoka ndi malaya. Nyengo yotentha yaikazi imakumba mumchenga nkuikira mazira ambirimbiri, nkuwalondera pafupifupi miyezi 3, ndipo nthawi imeneyo imalusa koopsa. Chodabwitsa nchoti ana akaswa imawanyamula mkamwa momwemo osawapweteka kupita nawo kumadzi. Komanso kutentha kwa mchenga ndi kumene kumapangitsa kuti mwana atuluke wamwamuna kapena wamkazi. Mwaona kulenga kwa Mulungu eti.

Mayi mwaimika dzanja, nenani.

(Mayi wina anafunsa kuti nanga poti akuluakulu amati ng'ona zina zimachita kutumidwa ndi anthu, apo bii imadziwa bwanji kubwera pamalo pomwepo nthawi yomwe munthu wafika?)

Zikomo mayi, mwafunsa bwino, safunsa anadya phula, ndipo ndikudziwa ambiri pano funso lomwelo lili mumtima. Ine sindinabwere kudzatsutsana ndi akuluakulu, koma ndikuuzeni chomwe ng'ona imachita. Nyama imeneyi ndi yoleza mtima, itha kukhala milungu osadya kanthu, ilibe changu. Imakhala m'bango nkumaona. Lero mwabwera kudzatsuka mbale pamwala paja kukuda, mawa pamwala pomwepo nthawi yomweyo, mkuja chimodzimodzi, ndipo mukamatsuka makoko a nsima ndi matumbo a nsomba amagwera m'madzi, tinsomba nkusonkhana, iyo nkumayandikira pang'onopang'ono. Tsiku lomwe idzagwire anthu adzati yadziwa bwanji, yatumidwa. Iyayi mayi, tinaiphunzitsa ndi ife tomwe. Ndipo chimene chimandiwawa nchakuti tikangoti yatumidwa timayamba kulozana zala, gogo wina wosalakwa nkumagona kunja ndi mantha, pomwe ng'ona ija ikadali padooko pomwepo ndipo mawa lake ana tawatumanso ndi zigubu. Ena amati ine ndinatemera, singandigwire, asodzi angati otemera amene tawaika m'manda muno? Ndikudziwa mjigo wathu umavutavuta ndipo madzi ndi ofunika, sindikunena kuti musiye kutunga. Koma tungani masana, akuluakulu awiri atatu, ndowa yomangirira chingwe muli chapatali, osagwada m'mphepete, ndipo muzisinthasintha malo. Pomwe midzi ina inazika mitengo yolimba m'madzi kutchinga dooko zimathandiza, a mfumu nkhani imeneyo ndaisiya m'manja mwanu. Koma mwana, dzuwa likapendeka, kumtsinje ayi.

Tsopano mvuu. Ana ambiri mukafunsidwa mumati mvuu imadya nsomba poti imakhala m'madzi. Ayi, imadya udzu. Masana imabisala m'madzi chifukwa khungu lake silipirira dzuwa, imamira mphindi ngati 5 nkutulukira kudzapuma, kukada imatuluka nkuyenda makilomita angapo kukadya msipu, usiku umodzi makilogalamu pafupifupi 40, nchifukwa chake ikalowa m'dimba la chimanga kapena mpunga kumacha kuli yeretu. Imayenda njira yake yomweyomweyo, mukaiona njirayo ili ndi timizere tiwiri ndi ndowe zomwazika m'tchire, chifukwa yamphongo ikamachita chimbudzi imapukusa mchira. Mukaona zimenezo dziwani kuti ndi msewu wa mwini wake. Mbandakucha ikamabwerera, munthu akaima pakati pa iyo ndi madzi, basi. Musanyengedwe ndi kunenepako, pamtunda imafika liwiro la makilomita 30 pa ola, palibe mwana pano angaisiye, ngakhale iwe wa mpira uja. Ndipo siidya munthu, imangoluma ndi mano aatali aja chifukwa cha ukali, makamaka ikakhala ndi mwana. Mukukumbuka mu May 2023 ku Nsanje mvuu inagubuduza bwato pa Shire pomwepa, anthu akupita kuminda, ambiri sanabwerere. Makolo inu, ndikudzudzuleni pang'ono, mumamutuma mwana 4 koloko m'mawa kuti akaone ngati dimba lili bwino, inu mwafunda bulangete. Mwanayo akakumana nayo atani? Zimenezo zitheretu.

Njovu nayo. Paki yathuyi kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi a African Parks pamodzi ndi boma, anaika mpanda wamagetsi, ndipo njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zinanso ku Kasungu mu 2022. Mikango anaibweretsanso mu 2018, ndiye wolowa m'paki kukatola nkhuni adziwe kuti muli eni ake. Njovu imadya udzu, masamba, makungwa, mizu ndi zipatso, yaikulu imatha makilogalamu 150 patsiku, ndiye kuti matumba atatu a chimanga aja, madzi imamwa malita oposa 100. Bere lake ndi miyezi 22, mwana mmodzi, ndiye mukumvetsa chifukwa chake mayi wake salola kuti chinthu chiyandikire. Gulu limatsogoleredwa ndi yaikazi yaikulu, osati yamphongo, atsikana mwamva? Maso ake saona patali kwenikweni koma mphuno ndi makutu, aaa, mango akapsa imawanunkhiza ili kutali. Ikatuluka mpanda ana inu mumathamangira kukaonerera, kukuwa, ena kujambula pa foni, chonsecho ikutambasula makutu ndi kupukusa mutu kukuuzani kuti chokani. Tsabola wowawa imadana naye, njuchi imaziopa, alimi ena amaotcha tsabola wosakaniza ndi ndowe m'malire mwa munda, koma imeneyo ndi ntchito ya akulu.

Ndaona mwayamba kuyasamula, phala lakuitanani, ndiye ndithamange. Fisi samangodya zowola, amasaka yekha, amaswa ndi mafupa omwe nchifukwa chake ndowe zake zimayera, amayenda usiku, ndiye kukatentha musagone pakhonde ndipo khola muzitseka. Nyani amadya chilichonse, chimanga, zipatso, tizilombo, osamupatsa chakudya, akazolowera amalanda ndipo mano ake ndi oopsa. Kamwana ka nyama iliyonse mukakapeza kokha osakatola, mayi ake ali pafupi. Mukaona njovu kapena mvuu pamtunda osakuwa, osagenda, bwererani pang'onopang'ono komwe mwachokera, kauzeni wamkulu, wamkuluyo auze a mfumu aimbire a gemu, oyang'anira nyama za m'paki aja. Madzi akasefukira ngati nthawi ya namondwe wa Freddy ija ng'ona zimafika mpaka m'madambo ndi m'ngalande, ndiye osasambira pathamanda lililonse poti lili pafupi ndi nyumba. Wina akalumidwa mangani pabala ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye, thamangani naye kuchipatala, osayamba mwadikira mankhwala achikuda chifukwa bala la ng'ona limaola msanga. Misampha ya waya osatchera, ndi mlandu, ndipo nyama yovulala ndi imene imalusa kwambiri. Kumtsinje dzuwa likapendeka? Eya, kulibe mwana. M'mawa kusanayere? Chimodzimodzi.

Nambala ya a gemu ndaisiya kwa a hedi, makolo muikopere musanapite. Aphunzitsi, ayambe kutuluka ndi a sitandade 1 ndi 2, enanu dikirani musapondane.