Mchere Womwe Ukudya Tchalitchi cha San Marco ku Venice

[Pa sikirini: bwalo la San Marco litadzaza madzi]

Usiku wa pa 12 Novembala 2019, madzi a m'nyanja anakwera kufika masentimita 187 pa choyezera madzi cha mzinda wa Venice ku Italy. Ndi mu 1966 mokha momwe anaposa apa, pomwe anafika 194. Analowa m'tchalitchi cha San Marco, chomwe chaima zaka zoposa 900, n'kudzaza chipinda chapansi. Madziwo anaphwa, koma anasiya mchere m'makoma.

[Pafupi: njerwa yayera mbuu, chala chikuikhudza, ikuyoyoka]

Taonani njerwa iyi. Njerwa imakoka madzi monga chingwe cha nyali chimakokera palafini, ndipo ku San Marco chinyezi chimakwera mamita angapo. Madzi akamauma, mchere umatsalira m'timabowo ta njerwa, n'kumakula mpaka kuiswa kuchokera m'kati. Miyala ya mabo imatekedzeka, timiyala tokongoletsa timagwa.

N'chifukwa chake kuumitsa khoma mwaphuma, ndi moto kapena makina otenthetsa, n'kuliwononga. Mchere umaundana msanga, matabwa amapindika, pulasitala amang'aluka. Tsegulani zitseko ndi mawindo, mphepo izidutsa. Amisiri amawerengera pafupifupi mwezi umodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwa khoma, ndiye khoma la theka la mita lingatenge chaka ndi miyezi ingapo kuti liume.

Matope ndi okhawo ofunika changu. Achotseni akadali aiwisi, ndi madzi oyera osathamanga mwamphamvu komanso burashi yofewa. Chipinda chapansi musachipope tsiku limodzi, chifukwa dothi lonyowa lakunja limakankha makoma. Chotsani gawo limodzi mwa atatu la madziwo patsiku.

[Pafupi: mmisiri akumata phala loyera pakhoma]

Mchere umatulutsidwa chonchi. Amakanya phala la ulusi wa pepala ndi madzi oyera opanda mchere, n'kulimata pakhoma. Phalalo likamauma limakoka mchere. Amalichotsa, kuyeza mchere womwe watuluka, n'kumatanso lina, mobwerezabwereza. Mchere woyera wotulukira pamwamba amausesa wouma. Mukautsuka ndi madzi, mwaubwezera m'khoma.

Njerwa zomwe zafumbutuka amazichotsa pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi panthawi, n'kulowetsa zina zofanana kukula ndi kufewa kwake. Anthu a ku Italy amati scuci-cuci.

Apa ndiye pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo zimatipweteka mtima: kumata simenti. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo imatsekera chinyezi m'kati, choncho chimangokwera pamwamba pa pomwe mwamatapo n'kukaononga njerwa zomwe zinali zabwino. Gwiritsani laimu: muyeso umodzi wa laimu, itatu ya mchenga wotsuka. Laimu amalola khoma kupuma, ndipo mchere umadya iyeyo m'malo mwa njerwa. Akayoyoka, mumangomatanso. Lamuloli likukhudzanso nyumba zathu zakale zanjerwa, monga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chomwe chinatha kumangidwa mu 1891.

[Pa sikirini: mpanda wagalasi kutsogolo kwa tchalitchi]

Zitseko 78 zotchinga nyanja kuti isasefukire mu Venice, zotchedwa MOSE, zinayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2020, koma amazikweza madzi akakwera kwambiri. San Marco ili pamalo otsikitsitsa, moti madzi ochepa ankalowabe pakhonde. Mu 2022 anaizinga ndi mpanda wagalasi, kuti makoma omwe akuchotsedwa mchere asamwenso wina.