Mbendera imatsitsidwa, dzina limatsala

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno achokera pa Luka 10:17-20 ndi Chivumbulutso 3:1-5.

Chaka chilichonse mu Juni, ku Windsor Castle m'dziko la England kumachitika mwambo wa Garter Day. Ndi tsiku la gulu laulemu la Order of the Garter, lomwe linayambitsidwa ndi mfumu Edward III mu 1348. Mamembala ake sapitirira 24, kupatula a banja lachifumu ndi mafumu a mayiko ena. M'mawa mfumu imaveka osankhidwa kumene zizindikiro zawo. Akadya nkhomaliro, onse amatsetsereka wapansi kupita ku tchalitchi cha St George's Chapel, atavala mikanjo yabuluu ndi zipewa zakuda zokhala ndi nthenga zoyera za nthiwatiwa.

Koma zomwe tifune kuziyang'anitsitsa zili m'tchalitchimo. Membala aliyense ali ndi mpando wake. Pamwamba pa mpandowo amapachikapo mbendera yake, ndipo ngati ndi mwamuna amaikaponso lupanga ndi chipewa chankhondo. Kotsamira amakhomako kachitsulo kaphanthiphanthi, kolembedwa dzina lake. Imfa ikam'tenga, mbendera, lupanga ndi chipewa zimatsitsidwa kuti wina adzalowe. Kachitsulo kokha sakazula. N'chifukwa chake mpando umodzi umakhala ndi tizitsulo tambirimbiri, tina ta anthu omwe anaikidwa m'manda zaka mazana asanu zapitazo.

Pa Luka 10, ophunzira omwe Yesu anawatuma anabwerako akusimba kuti ziwanda zikuwagonjera. Imeneyo inali mbendera yawo, yooneka patali. Yesu sanatsutse, koma anawauza kuti chimwemwe chawo chikhale pa mayina awo olembedwa kumwamba. Udikoni, ukulu wa mpingo, upampando wa kwaya kapena wa chigwirizano cha amayi, zonsezi ndi mbendera. Wina adzakhala pampandopo ife tili chikhalire kapena titapita.

Tisaiwale kuti ku Windsor ulemu umathanso kulandidwa. Mu 1716, membala wina, Duke wa ku Ormonde, atapezeka kuti waukira mfumu, zizindikiro zake anaziponya pansi n'kuzikankha ndi mapazi mpaka kunja kwa tchalitchi. Mbendera ya mfumu Wilhelm II wa ku Germany inatsitsidwa mu 1915, ya mfumu Hirohito ya ku Japan mu 1941, onse chifukwa cha nkhondo. Hirohito anamubwezera ulemu wake mu 1971, patapita zaka makumi atatu.

Pa Chivumbulutso 3, mpingo wa ku Sarde unali ndi mbiri yoti ndi wamoyo, chikhalirecho unali wakufa. Lonjezo la zovala zoyera ndi dzina losafafanizidwa m'buku la moyo linapita kwa ochepa omwe sanadetse zovala zawo. Enawo anauzidwa kuti adzuke, alimbitse zotsala zomwe zinali pafupi kufa, akumbukire zomwe analandira, ndipo alape.

Musanatuluke pakhomo, werengani Chivumbulutso 3, ndime ya 2 ndi ya 3, mokweza, pang'onopang'ono.