Stephon Marbury, mnyamata wa ku Brooklyn amene anakatchuka ku Beijing

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kubwera pabwalo pano. Inu anyamata ndi atsikana muli kutsogoloku, ikani kaye mipirayo pansi, musanjanjitse, kuti amayi ali kumbuyoko amve bwino.

Sabata yatha mwana wina wa timu yathu anandifunsa kuti, "Kochi, kodi munthu akachoka mu NBA ndiye kuti zake zada?" Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha pamaso pa makolo, chifukwa funso limeneli silikukhudza mpira wokha.

NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ili ndi matimu 30, ndipo pa mwambo wosankha osewera atsopano chaka chilichonse amatengapo 60 okha. Koma anyamata aluso amene amatuluka m'makoleji a dziko limenelo ndi ochuluka zedi. Nanga otsalawo amalowera kuti? Ambiri amanyamula chikwama n'kupita ku Spain, Italy, Greece, Turkey, Australia, China ndi kwina, kukasewera mpira wolipidwa kwa eni. Enanso amapitako atasewerapo kale mu NBA. Mmodzi wa oterewa ndi Stephon Marbury, ndipo ndi amene ndikufuna tikambirane lero.

Anabadwa mu 1977 ku Coney Island, mbali ina ya Brooklyn mumzinda wa New York, m'nyumba zosanjikizana zimene boma limamangira anthu osauka. Achimwene ake nawonso ankasewera basketball, koma palibe amene anakafika mu NBA, choncho maso a banja lonse anali pa iye. Anasewera chaka chimodzi ku koleji ya Georgia Tech, ndipo mu 1996 anasankhidwa kukhala wachinayi pa onse. Timu ya Milwaukee ndi imene inamusankha, koma tsiku lomwelo inamusinthanitsa ndi Ray Allen, iye n'kupita ku Minnesota komwe anakasewera limodzi ndi Kevin Garnett. Malo ake anali a point guard, amene amakwera ndi mpira n'kugawira anzake, ngati mmene amachitira wapakati pa mpira wamiyendo. Kuchoka apo anapita ku New Jersey, kenako ku Phoenix, ndipo kawiri konse, mu 2001 ndi mu 2003, anasankhidwa kusewera nawo masewero a akatswiri okhaokha a ligiyo.

Mu Januwale 2004 anabwerera kwawo, ku timu ya New York Knicks imene ankaichemerera ali mwana. Munthu ukadaganiza kuti apa ndiye pofikira. Ayi ndithu, ndi pamene zinthu zinayamba kusokonekera. Timu inkangogonja. Iye anakangana ndi mphunzitsi Larry Brown, mkangano wake n'kufika m'manyuzipepala, kenako anasemphananso ndi Isiah Thomas, mphunzitsi amene analowa m'malo mwa Brown. Sindikumuyeretsa ayi, anali munthu wovuta kumulangiza, ndipo anthu ankamunena kuti amasewerera dzina lake osati timu. Koma mu Disembala 2007 chinamugwera chinthu chimene aliyense wa ife angachimvetse. Bambo ake, a Don Marbury, anali m'bwalo la Madison Square Garden kuonerera mwana wawo akusewera. Anayamba kumva kupweteka pachifuwa, anathamangira nawo kuchipatala, ndipo anamwalira usiku womwewo. Stephon anauzidwa masewero atatha. Taganizani, iwe ukuthamanga ndi mpira, osadziwa kuti mpando wa bambo ako watsala wopanda munthu.

Chaka chotsatira mphunzitsi watsopano, Mike D'Antoni, anamukhazika pabenchi, ndipo mapeto ake timu inamuletsa ngakhale kufika kokonzekera masewero. Malipiro ake a chaka chimenecho ankaposa madola 20 miliyoni, koma sankasewera. Anakamalizira nyengo ya 2009 ku Boston. Pambuyo pake anadzijambula pa intaneti kwa maola ambiri, akulira, akulankhula zosalongosoka, mpaka kudya mafuta odzola anthu akuona. Dziko linamuseka. Patapita zaka anadzaulula yekha kuti nthawi imeneyo anali ndi matenda a nkhawa, ndipo ankafika poganiza zodzipha.

Makolo anzanga, ndiime kaye pamenepa. Mwana wamwamuna akayamba kuchita zachilendo, kudzitsekera m'nyumba, kulira popanda chifukwa chooneka, timafulumira kunena kuti wapenga kapena wayamba chamba. Munthu uyu anali ndi ndalama zoti enafe sitingathe n'kuziwerenga komwe, koma mumtima munali bala la maliro a bambo ake. Tiziwafunsa ana athu chimene chikuwadya.

Mu Januwale 2010, ali ndi zaka 32, anakwera ndege kupita ku China kukasewerera timu ya Shanxi mumzinda wa Taiyuan. Taiyuan si mzinda wa alendo odzaona malo. Ndi dera la malasha ndi mafakitale, ndipo mwezi umenewo kumazizira koopsa. Chilankhulo sankachidziwa, chakudya chinali chachilendo, chilichonse chimene mphunzitsi wanena chinkadutsa mwa womasulira. Koma atatsika ndege anapeza khamu la masapota litabwera kudzamuchingamira, munthu amene kwawo ankamukuwiza.

Inu anyamata, mvetsani bwino mmene ntchito imeneyi imayendera, chifukwa ena mumaganiza kuti kusewera kunja n'kupita kukapuma. Ligi ya ku China, imene amaitcha CBA, imaika malire pa chiwerengero cha osewera akunja, ndipo nthawi ya Marbury matimu ambiri ankaloledwa awiri okha. Mlendoyo amalipidwa kuposa eni dziko ambiri, ndiye amayembekezera kuti azigoletsa tsiku lililonse. Timu ikagonja maulendo angapo, woyamba kumuloza chala ndi iyeyo, ndipo angathe kumubweza nyengo ili pakati n'kuitanitsa wina. Makontrakiti ambiri akunja amakhala a nyengo imodzi. M'mayiko ena matimu amachedwetsa malipiro miyezi ingapo. Akazi ndi ana amatsala kutsidya la nyanja. N'chifukwa chake osewera ambiri a ku America amakhala chaka chimodzi kuno, chaka china uko, osazika mizu paliponse.

Marbury nayenso anayamba choncho. Ku Shanxi sanakhalitse. Anasamukira kum'mwera, ku timu ya Foshan, n'kukhalako nyengo imodzi. Mu 2011 ndi pamene Beijing Ducks inamutenga, timu ya likulu la dziko imene inali isanatengepo chikho cha CBA.

Chimene chimandikhudza ine ndi mmene anakhalira pakati pa anthuwo. Alendo ambiri amangodziwa hotela, bwalo ndi bwalo la ndege. Iye ankakwera sitima yapansi panthaka pamodzi ndi anthu wamba, ankapita kukachemerera timu ya mpira wamiyendo ya mumzindamo, Beijing Guoan, ankalemba nkhani m'nyuzipepala ya China Daily. Pokonzekera masewero ankaima ndi anyamata achichepere a timuyo n'kumawaonetsa poponda, nthawi yoponya ndi nthawi yopatsira mnzako. Munthu yemwe uja ankanenedwa kuti ndi wodzikonda. Anthu a ku Beijing anamupatsa dzina la m'chilankhulo chawo, Ma Buli. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo iye kalumo kake sanakabise m'thumba.

Nyengo imeneyo Beijing inapambana masewero 13 oyambirira motsatizana. Mu ndime yachipulula isanafike fainolo inakumana ndi Shanxi, timu yake yakale ija, ndipo kawiri konse mu mpikisanowo iye anagoletsa mapointi oposa 50 m'masewero amodzi. Mu fainolo anakumana ndi Guangdong Southern Tigers, amene anali atazolowera kutenga chikho chaka ndi chaka. Beijing inapambana masewero anayi, Guangdong amodzi. Tsiku lomaliza, mu Malichi 2012, Marbury anagoletsa mapointi 41. Wezulo yomaliza italira, anzake anamunyamula m'mwamba, iye misozi ili chuchuchu. Anali ndi zaka 35, ndipo chinali chikho chake choyamba chiyambire kusewera mpira wolipidwa.

Chaka chomwecho masapota anapempha kuti amuumbire chifanizo, ndipo chinaimikidwa ku bwalo la Wukesong, iye atanyamula chikho m'mwamba. Anatenganso chikho mu 2014 ndi mu 2015, ndipo ulendo wachitatuwu anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu fainolo. Nkhope yake inaikidwa pa sitampa ya positi, anamutsegulira nyumba yosungiramo mbiri yake, ndipo boma la China linamupatsa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chinthu chimene alendo ochepa kwambiri amapatsidwa kumeneko.

Ndinatsala pang'ono kuiwala nsapato. Mu 2006, akadali ku New York, anatulutsa nsapato zosewerera zotchedwa Starbury, mtengo wake wosafika madola 15, pamene nsapato za akatswiri ena zinkaposa madola 100. Iye mwini ankazivala posewera mu NBA. Ankakumbukira mmene zimapwetekera kukula m'banja la ana asanu ndi awiri n'kumasirira nsapato pawindo la sitolo. Ndikaona ena mwa inu mukubwerekana nsapato imodzi, wina akatuluka wina avale, nkhani imeneyi imandibwerera.

Kusiyana kwake ndi Beijing Ducks sikunali kokoma. Mu 2017 timuyo sinafunenso kuti apitirize ngati wosewera, pamene iye ankafuna chaka china chimodzi. Sanabwerere ku America. Anangosamukira ku timu ina ya mumzinda womwewo, Beikong, n'kusewera mpaka mu Febuluwale 2018 pamene anapachika nsapato, atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 41. Mu 2019 timu yomweyo inamulemba kukhala mphunzitsi wamkulu. Ndipo mu 2020, mliri wa korona utavuta ku New York, iye ali ku Beijing ankalankhula ndi kampani ina ya ku China pofuna kupezera mzinda wakwawo uja zotchingira pakamwa ndi pamphuno pamtengo wotsika.

Iwe unandifunsa funso lija, ndikukuona wabisala kuseri kwa anzako, wamva tsopano. Ngati makolo ali ndi mafunso tiwalandire kaye, tikatero ana atenge mipira dzuwa lisanalowe.