Bala la khasu lisagone kunyumba

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera ngakhale mitima idakali yolemera. Malemu amene tinawaika m'manda sabata yatha tonse tinkawadziwa. Ankafika kumunda kusanache, manyowa ankapanga okha, ndipo ana awo onse anawaphunzitsa sukulu ndi khasu lomwelo. Mwana akatentha thupi usiku, ankamunyamula okha kupita naye kuchipatala. Koma iwowo atadzitema paphazi akupalira, anangomanga kansanza n'kupitiriza mzere. Patatha sabata ndi masiku angapo, nsagwada zinauma, madzi osamezeka, kenako khosi ndi msana. Ameneyo ndi kafumbata.

Ndiye mundimvetse: bala la kumunda lisagone kunyumba.

Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timatha kukhalamo zaka zambiri osafa. Tikalowa m'bala lakuya, mmene mpweya sufika, timadzuka n'kutulutsa poizoni amene amagwira mitsempha. Minofu imakungika osamasuka, thupi limapindikira kumbuyo ngati uta, mpaka kupuma kumavuta. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, nthawi zina bala litapola kale pamwamba. N'chifukwa chake anthu amanyengeka.

(Bambo wina: Komatu timamva kuti ndi dzimbiri. Khasu lawo linali latsopano.)

Mwafunsa bwino, achimwene. Dzimbiri palokha silidwalitsa kafumbata. Msomali wadzimbiri umaopsa chifukwa wakhalitsa m'dothi ndipo umabaya mwakuya. Khasu latsopano likalowa m'munda wothira manyowa limanyamula dothi lomwelo. Munga, chisonga cha mtengo, waya wa mpanda, kulumidwa ndi chiweto, ngakhale bala la moto, zonsezi ndi njira. Kabala kakang'ono kobaya kamaopsa kuposa bala lalikulu lotseguka, chifukwa kamatseka msanga dothi lili mkati. Ndipo musaope banja la malemu, matendawa sapatsirana. Pitani mukawaone, mukawathandize kupalira kumene kwatsala.

Abambo, apa ndikudzudzulani pang'ono. Amayi amabayitsa katemera wa kafumbata akakhala oyembekezera, ana amabayitsa ali makanda. Nanga inu munabayitsa liti? Ambiri mwaweramitsa mitu. Mphamvu ya katemera imachepa zaka zikamapita. Ngati bala ndi lakuya kapena lalowa dothi, ndipo padutsa zaka 5 chibayitsireni, mufunika jakisoni wina. Amene sanabayitsepo amafunikanso mankhwala ena olimbana ndi poizoniyo mwachangu. Ngakhale amene anadwalapo n'kuchira satetezeka, ayenera kubayitsa. Inunso amene mumathira phulusa, dothi kapena ndowe pabala kuti magazi asiye, lekani lero. Mukudziikira nokha matenda.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mukavulala, siyani khasu pomwepo. Tsukani bala ndi madzi oyera ambiri ndi sopo mpaka dothi lonse lituluke, panikizani ndi nsalu yoyera magazi asiye, musamange zolimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene chimene chakuvulazani ndi chaka chimene munabayitsa komaliza. Kumunda valani magambuti, makamaka pofetsa manyowa. Wina akayamba kulephera kutsegula pakamwa, musadikire kuti kuche, mutengeni usiku womwewo, mosamugwedeza, popanda phokoso ndi kuwala kwambiri chifukwa zimenezi zimadzutsa kukungikako. Bala lisagone kunyumba, ndabwerezanso. Amene simukudziwa za katemera wanu, tsalani tilembe mayina.